Chingwe cha pa Nyanga

Unali mwezi wa October, nthaŵi imene dzuŵa la ku Manyamula limaphwetsa madambo, kungosiya timadzi pakati pa thope lakuda. Ine ndinali mnyamata woŵeta ng'ombe za Adada. Lamulungu lina m'maŵa, ng'ombe yathu ya pangolo inatsata timadzi tija, nititimira kufikira m'mimba.

Ndinakuwa, ndipo anthu amene anali pa ulendo wa ku tchalitchi anapatuka. Mkulu wa mpingo wina anavula jekete, natikumbutsa kuti Ambuye mwini anafunsapo za ng'ombe yogwera m'chitsime tsiku la Sabata, monga tiŵerenga pa Luka 14:5. Panalibe wonyinyirika. Tinamanga chingwe pa nyanga, amuna onse nagwirira, nakoka mofuula. Ng'ombe inatuluka ndithu, koma khosi lake linali litapindika. Siinaimirirenso, ndipo Lachitatu tinaipha.

Woŵerenga wa m'tauni angaganize kuti tinangodya nyama. Koma m'dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa ng'ombe ndiyo pulawo, ndiyo ngolo, ndiyo lobola, ndiyo fizi ya mwana. Yotsalayo sikanasenza goli yokha. Chaka chimenecho tinalima ndi makasu, ndipo Adada anakhala masiku ambiri osalankhula.

Nditakula ndinamva kuti m'maiko ena muli magulu ophunzitsidwa ntchito yomweyi. Ku America, sukulu ya madokotala a ziŵeto ya ku Davis, California, inayamba gulu lake m'chaka cha 1997 pa nthaŵi ya madzi osefukira, ndipo ophunzira amadzipereka kupulumutsa akavalo ndi ziŵeto zina. Ku Hampshire, m'dziko la England, ozimitsa moto ali ndi akatswiri ao a ntchitoyi. Ali ndi makina amene ife tilibe, inde, koma chiphunzitso chao chachikulu sichilira ndalama, ndipo chinandilasa mtima.

Amati mutu, khosi ndi miyendo si zogwirira. Pafunika lamba wotambalala wozungulira chifuwa, kuseri kwa miyendo ya kutsogolo, pakuti chingwe chopyapyala chimacheka. Thope limayamwa mwendo, ndipo ukakoka msanga limagwiritsitsa. Uyenera kuyamba wakumba ndi kuthira madzi m'mbali mwa mwendo uliwonse kuti lifeŵe. Chiŵeto uchiphimbe kumaso, khamu likhale chete, alankhule munthu mmodzi. Anthu aponde pa matabwa kuti nawonso asamire. Ife tinalakwa pafupifupi zonsezi, ndi mtima wabwino.

Tsopano ndisunga lamba wa masaka osokedwa pamodzi. Chilimwe chathachi ng'ombe yaikazi ya mnansi wathu inatitimira m'dambo lomwelo. Anyamata anali atakoleka kale chingwe pa nyanga pamene ndinafika.

"Agogo, tingotaya nthaŵi ndi makasuwa," anatero mmodzi.

"Kumba, mdzukulu wanga," ndinayankha, "ndipo ena atunge madzi."

Tinakumba kufikira dzuŵa litapendeka. Pamene tinakoka, tinakoka pang'onopang'ono, ndipo inatsetsereka nigona pouma, ikunjenjemera. Tinaikhazika pa chifuwa chake kuti mimba isatupe, tinaipukuta ndi udzu ndi kuifunda masaka. Madzulo inadzuka yokha, niyamba kulira mwana wake.