Ulemerero ndi tulo: kalata kwa mwana wopita ku Joni

Ndirande, Blantyre

Mwanawe,

Mawu akuti ulemerero, amene Akhristu amawatchula Lamulungu lililonse osawaganizira, ndi apachibale ndi mawu akuti kulemera, ndipo m'Chichewa kulemera kuli pawiri, pakuti katundu amalemera akavuta kunyamula, pamene munthu amalemera akakhala ndi chuma. Ophunzira Chiheberi amafotokoza kuti kabod, liwu la m'Chipangano Chakale limene linamasuliridwa kuti ulemerero, nalonso limachokera ku tsinde lotanthauza kulemera kwa katundu, kotero kuti kuona ulemerero wa Mulungu ndiko kuzindikira kuti pa sikelo ya moyo wa munthu palibe china cholemera ngati Iye. Mayi ako ayambira pa mawu amenewa chifukwa iwe ukupita ku Johannesburg kukafuna kulemera kwachiwiri kuja, ndipo msuweni wako, amene anakwera basi pa Wenela pomwepo zaka zitatu zapitazo, anasokoneza ziwirizi.

Foni ya Lachiwiri usiku ija, imene mayi ako anakaiyankhira kuseri kwa nyumba kuti iwe usamve, inachokera kwa mayi wina wa ku Bangwe wogwira ntchito ya m'nyumba kumeneko, ndipo uthenga wake unali wakuti msuweni wako ali m'malo osungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo, alibe foni, alibe chikwama, ndipo ntchito inamuthera kalekale chifukwa cha mowa. Azakhali ako sanakhudze nsima masiku awiri.

Mlaliki Luka, m'chaputala 9, amasimba kuti Yesu anatenga Petro, Yohane ndi Yakobo nakwera nawo phiri kukapemphera, ndipo ali mkati mopemphera nkhope yake inasandulika, zovala zake zinanyezimira, Mose ndi Eliya anaoneka akuyankhula naye za imfa yomuyembekeza ku Yerusalemu. Mateyu ndi Marko nawonso analemba nkhaniyi, koma Luka yekha ndiye amaulula kuti atatuwo anagwidwa ndi tulo, ndi kuti ulemererowo anauona atatsitsimuka. Chofunika kuchisunga ndi chakuti amuna amenewa sanathawe Ambuye kapena kuwakana pa tsikulo. Anali pamalo oyenera, pafupi ndi munthu woyenera, koma thupi linali litatopa ndi chitunda. Atatu omwewo anagonanso ku Getsemane. Kukhala maso, kumene Baibulo limakulamula kawirikawiri, kumatanthauza kudziwa kuti munthu wotopa amataya zinthu zazikulu osamva kuti zagwa, ndipo chifukwa chake amadziikira zomudzutsa asanayambe kuodzera.

Msuweni wako sanakane Mulungu tsiku lina lililonse limene munthu angaliloze. Ankaimba tenala m'kwaya ya achinyamata, ndipo miyezi yoyamba ankatumiza ndalama pa Mukuru zimene zinagula malata a nyumba ya azakhali ako, anthu a pamzere wawo n'kumati ulemerero wa Mulungu waoneka pakhomopo. Kenaka anavomera kugwira ntchito Lamulungu chifukwa malipiro ake anali ochulukirapo, ndipo anati ndi mwezi umodzi wokha. Pambuyo pake anati tchalitchi chili kutali ndipo thiransipoti ndi yodula. Mapeto ake foni yake inayamba kulira osayankhidwa. Palibe ngakhale chimodzi mwa zifukwazo chimene chinali chabodza, ndipo n'chimene chikuwasowetsa tulo mayi ako, pakuti iwenso udzakumana ndi zifukwa zomwezo ndipo zidzakhala zoona.

Mayi ako amatidziwa tulo timeneti. Ali mtsikana, phiri la Ndirande likadali ndi mitengo yake isanadulidwe m'zaka za m'ma 1990, anakwera ndi anzawo kukachezera usiku m'mapemphero atakhalira kutunga madzi ndi kugulitsa mandasi tsiku lonse, ndipo asanafike pakati pa usiku anayala chitenje pathanthwe kuti angopumitsa msana. Anadzidzimuka kutacha, anzawo akutsika akuimba, maso ali ofiira ndi misozi, iwo alibe choti n'kusimba. Iwe unatengera iwowo, ndipo umboni wake ndi m'mawa uliwonse umene ankachita kukukoka bulangete kuti usachedwe kusukulu, iwe n'kumalonjeza uli chigonere kuti wadzuka kale. Kumeneko kulibe wokukoka bulangete.

Dzina la pamalo pokwerera basi lija lili ndi mbiri imene uyenera kuidziwa. Wenela ndi katchulidwe ka anthu ka WNLA, bungwe limene linkalemba amuna a kuno ntchito ya ku migodi ya golide ya ku South Africa, mpaka mu 1974 pamene Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulembako ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi itagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Pa maulendo otere ndi pamene panafala liwu lakuti mtchona, kutanthauza munthu amene anapita kukagwira ntchito kunja n'kukhalitsa mpaka kuiwala kwawo. Agogo ako aamuna anapita n'kubwerako ndi njinga ndi Baibulo lawo lomwe lija la Buku Lopatulika, limene tsopano lili pansi pa malaya m'chikwama chako. Mng'ono wawo anatchona, ndipo manda ake palibe amene akuwadziwa. Azakhali ako, polira, anatchula munthu ameneyo.

Pasipoti usampatse munthu kuti akusungire, ndipo masiku amene akudindire pa Beitbridge uwawerenge wekha. Jekete yakuda ija unyamule, chifukwa kuzizira kwa June kumeneko kumaposa kwa kuno. Ngongole ya katapila uipewe. Za akazi bambo ako anena kale.

Kunyumba kuno shuga wa bambo ako watsikako, mlongo wako akudikira zotsatira za MSCE, ndipo khoma la bafa limene linagwa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 lidakali la matumba, koma usadzipanikize nalo, pakuti khoma ngati lomwelo ndi limene linayambitsa msuweni wako kugwira ntchito Lamulungu.

Mayi ako sakupempha malata, mwanawe, ndipo ukabwerako ndi chikwama chomwe wapita nachocho adzakuphikira nkhuku chimodzimodzi. Akupempha kuti sabata yoyamba, usanapeze n'komwe ntchito, upeze mpingo ndipo udzionetse kwa mkulu wa mpingo mmodzi amene angakufunefune ukasowa masabata awiri. Akupempha kuti Lamulungu lililonse madzulo uwaimbire, uwauze chaputala chimene chinawerengedwa, ndipo ngati unagona osapita unene zoona, sadzakukalipira. Ngati mayunitsi palibe, ungofulasha kawiri, iwo adzakongola kwa amayi anzawo a Mvano n'kukuimbira. Chonde, msuweni wako akatulutsidwa iwe usanamuone, umufunefune ndithu, umuuze kuti azakhali ako akuyalabe mphasa yake. Ndipo chonde, foni ikalira usiku ndi nambala ya kumeneko, amve mawu ako, asamvenso a mayi wa ku Bangwe uja.

Mayi ako