Amai, Ndayamba Kujambula Nkhope za Anthu

Mtendere, Lusaka

Okondedwa Amai,

Muli bwanji kumeneko ku Kapata? Nanga mwendo wa Ambuye uja ukuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, ntchito yolemba zikwangwani za mashopu ikundidyetsa ndithu.

Nkhani ndi yakuti ndayamba kuphunzira kujambula nkhope ndi penti ya mafuta. Loweruka ndimapita ku Showgrounds, ku Henry Tayali Art Centre, komwe ojambula amasonkhana. Tayali ameneyu anabadwira ku Serenje, anamwalira mu 1987, ndipo ndi amene anapanga chiboliboli cha The Graduate ku UNZA, m'mbali mwa msewu wa Great East wobwera kwathuko.

Mkulu wina kumeneko anandibwereka buku la zithunzi za Rembrandt wa ku Holland, wobadwa mu 1606. Bambo ameneyu, Amai, ankadzijambula yekha kuyambira ali mnyamata mpaka 1669, chaka chimene anamwalira. Makwinya sankabisa, masaya akugwa sankawakweza. Ndimaika bukulo pambali n'kumatsata dzanja lake pansalu yanga.

Sindiyambira maso kapena mphuno ayi. Ndimayamba ndapaka nsalu yonse penti yakatondo yosungunula ndi thapentaini, kenako ndimafunafuna pamene pagona mthunzi. Kuwala kumachokera mbali imodzi, kugunda chipumi ndi tsaya, kwinaku n'kusiya mdima. Penti yoyamba ikhale yopyapyala, yamafuta ambiri ibwere pamwamba inzake itauma. Ukapupuluma chithunzi chimang'aluka ngati khoma lomata dothi lapansi lisanaume. Khungu lathunso si mtundu umodzi: ukaliyang'anitsitsa umapezamo kufiira, chikasu, ngakhale kabuluu pamene dzuwa lawala.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti Rembrandt ankalemekeza nkhope yokalamba. Chifukwa chake ndikufuna kujambula Ambuye akadali nafe, ndi mphini zawo zomwe, kuti adzukulutuvi adzawadziwe.

Chonde uzani mlongo wanga awajambule pafoni m'mawa, atakhala pakhomo kuwala kukuchokera kumanzere, asayatse fulashi, anditumizire pa WhatsApp. Avale duku lawo la kutchalitchi lija. Mulungu akalola ndibwera mu Ogasiti pa nthawi ya Kulamba ku Mkaika, ndidzamalizire chithunzicho iwo ali pamaso panga.

Perekani moni kwa Atate, amalume ndi ana onse. Ndalama ya feteleza nditumiza mwezi ukatha.

Ndine mwana wanu wokukondani.