DZINA LA TIMU YATHU

Chaka chino pa seminale pathu pabuka nkhani imene yatisowetsa tulo kuposa mayeso a Chilatini. Nkhani yake ndi ya dzina. Kwa zaka zambiri, tikapita kukasewera mpira ndi masukulu oyandikana nawo, ochemerera awo amatikuwiza kuti "Tiansembe! Tiansembe!" Dzinali sitinadzipatse tokha, ndipo limapweteka kwambiri tikagoletsedwa. Tsono Bambo Mkulu wa seminale anatilola kusankha dzina latsopano, koma anatipatsa lamulo limodzi: dzinalo linene kumene tachokera ndi chimene timakhulupirira.

Ine sindinachedwe. Ndine Mngoni wa ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo pa msonkhano woyamba ndinaimirira ndi kunena kuti timu yathu itchedwe "Impi". Anzanga ambiri anaomba m'manja. Ndinkaona kale adani athu akunjenjemera tikamalowa m'bwalo. Koma madzulo ake, tikutsuka mbale, mnzanga wina wa kufupi ndi Mua anandiuza motsitsa mawu kuti, "Achimwene, makolo anga ankagona m'mapanga a m'mapiri pothawa impi zanuzo. Kodi ine ndizifuula dzina limenelo?" Ndinamuyankha mwaukali kuti zimenezo n'zakale. Tinatha sabata yathunthu osalankhulana, ngakhale timagwada pa benchi imodzi pa Misa.

Pa tchuthi ndinawafotokozera agogo anga aamuna, amene anagwira ntchito ya ukatekisiti zaka zambiri. Ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo. Iwo anangoti, "Mdzukulu wanga, mawa ulawire, tikathandizane kudimba." Tili kuwokera kabichi anayamba kundikumbutsa mbiri ya kwathu. M'chaka cha 1896 Angerezi anapha Inkosi Gomani, ndipo mphamvu ya nthungo ndi chishango inathera pamenepo. Patangopita zaka zisanu, mu 1901, ku Nzama kunafika ansembe atatu a chipani cha Montfort: Bambo Pierre Bourget, Bambo Augustin Prezeau ndi Bambo Antoine Winnen. Mfumu Njobvuyalema inawalandira m'dziko lake. Asanabwere iwo, a White Fathers anali atayesa kwa Mponda mu 1889, koma anachokako mu 1891. Choncho Nzama ndiyo mishoni imene inayamba kugwira mizu, ndipo Mua inatsatira mu 1902.

Agogo anaweramuka ndi kundifunsa kuti, "Kodi ulemu wa Nzama lero uli pa nkhondo zimene tinamenya, kapena pa alendo amene tinawapatsa malo?" Ndinasowa choyankha. Ndinangoyang'ana timitengo ta kabichi tinali m'manja mwangamo, tofooka, ta masamba anayi okha.

Nditabwerera ku sukulu ndinafunsa Bambo amene amatiphunzitsa Chilatini tanthauzo la mawu akuti seminale. Anandiuza kuti amachokera ku mawu akuti seminarium, kutanthauza nazale, malo ofesapo mbewu. Msonkhano wa Trent ndiwo unalamula mu 1563 kuti madayosizi akhale ndi nazale zoterezi zolereramo ansembe. Apa m'pamene maso anga anatseguka. Ngati pano ndi pa nazale, ife ndife mbande.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Mnzanga wina anati, "Mbande zimadyedwa ndi mbuzi, nanga tikakumana ndi timu yotchedwa Mikango titani?" Zoona, dzinali siliopseza munthu. Koma taganizani. Maina omata pamwamba amasuluka msanga. Timu imodzi yomweyo ya ku Blantyre yatchedwapo Bata Bullets, Bakili Bullets, kenaka Nyasa Big Bullets, malinga ndi amene akuithandiza, koma oitsatira amangoti Maule. Dzina lokhalitsa ndi limene eni ake amalimva kuti ndi lawo. Ife sitili mikango, ndipo tikudziwa. Tinabwera kuno tili ana, ena tikulira usiku pofuna amayi.

Dzina la Mbande likunenanso choona china chimene sitikonda kuchitchula. Mwa ife amene tinayamba limodzi Fomu 1, si tonse tidzafike pa guwa. Ena adzakhala aphunzitsi, ena alimi, ena anamwino ndi madokotala, ena abambo a mabanja. Makolo ena amaona ngati mwana wochoka ku seminale wawachititsa manyazi. Koma mlimi aliyense wa ku Tsangano kapena ku Lizulu angakuuzeni kuti mbande sikhalira pa nazale. Imazulidwa kuti ikawokedwe kumene mwini munda wafuna, ndipo imakabereka kumeneko. Ntchito ya nazale ndi kuipatsa mizu yolimba.

Mbiri ya Mpingo wathu ikuchitira umboni. Kuchokera pamene ansembe atatu aja anafika ku Nzama, panapita zaka 36 kuti Mmalawi woyamba, Bambo Cornelius Chitsulo, adzozedwe unsembe mu 1937, ndi zina 20 kuti adzozedwe uepiskopi mu 1957. Amene anafesa ambiri sanaone zokolola. Anthu oterewa sitingawakumbukire ndi dzina la nkhondo.

Mnzanga wa ku Mua uja ndinakamupepesa. Sindinasiye kunyadira Chingoni changa, ndipo ngoma ikalira ndimavinabe. Koma dzina la timu ndi la tonse, Mngoni, Mchewa, Myao ndi Mlomwe, ndipo aliyense ayenera kulifuula osakumbukira misozi ya makolo ake. Iyeyo ndiye woyamba amene anavomera maganizo angawa.

Chisankho chidzachitika Loweruka likudzali m'holo. Mwina Mikango idzapambana, ndipo ndidzaichemerera ndi mtima wonse. Koma musanakweze dzanja, anzanga, kayendereni kaye ku dimba la seminale m'mawa, muone zimene timathirira tsiku ndi tsiku.

Mseminale wa Fomu 3, Parishi ya Nzama