M'mene Tinapentera Mthuthuthu wa Agogo

Anzanga ambiri pano pasukulu mumaidziwa njinga yamoto ngati chinthu cha kabaza basi. Potsekera sukulu timakwera, potsegulira timakweranso, ndipo palibe amene amafunsa kuti inapangidwa liti kapena kuti. Koma akuluakulu athu anali nalo dzina lina la chinthu chimenechi. Iwo ankati mthuthuthu, chifukwa cha kulira kwake. Tsono ine ndifuna kukuuzani za mthuthuthu wina wokalamba umene uli kwathu, ndi za ntchito imene ndinagwira pa tchuthi chachikulu chapitachi pofuna kuubwezera maonekedwe ake akale.

Kwathu ndi ku Machinga, kufupi ndi Nsanama, pa mseu wochokera ku Liwonde kunka ku Ntaja. Agogo anga aamuna, obala amayi, mpaka lero amati kwathu ndi ku Kasupe, pakuti ndilo linali dzina la bomali kale. Balaka nayenso amamuwerengera komweko, ngakhale kuti anakhala boma payekha m'chaka cha 1998. Ali mnyamata, agogowo anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, mzinda umene tsopano ukutchedwa Harare. Anali masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963. Kumeneko anagula mthuthuthu wogwirapo kale ntchito. Pobwerera kumudzi anaukweza sitima ya pamtunda, nadzera ku Dondo m'dziko la Mozambique, nawoloka Zambezi pa mlatho wautali wa Dona Ana, natsikira pa siteshoni ya Balaka. Amasimba kuti tsiku limenelo ana anauthamangira kuchokera pasiteshoni mpaka kunja kwa tauni.

Dzina lake ndi BSA Bantam. Zilembo zitatuzi zikuimira Birmingham Small Arms, kampani ya mumzinda wa Birmingham ku England, imene inayamba mu 1861 ndi ntchito yopanga mfuti. Nchifukwa chake chizindikiro chake ndi mfuti zitatu zoimikidwa motsamirana. Bantam ndi mtundu wa nkhuku zazing'ono, ndipo pa thanki ankajambulapo katambala. Anayamba kupanga njinga zimenezi mu 1948, potengera njinga ya ku Germany yotchedwa DKW RT 125, imene mapulani ake anatengedwa itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo analeka mu 1971. Ya agogo ndi ya mtundu woyamba, D1, ya injini ya 125 cc ndi magiya atatu, ndipo petulo wake amasakaniza ndi oilo.

Kuyambira ndisanabadwe njingayi inali itaima kale. Inkakhala m'chisakasa kuseri kwa nkhokwe, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Mvula ikawomba cham'mbali inkailowa, ndipo chaka ndi chaka dzimbiri linkaonjezeka.

Sabata yoyamba ya tchuthi kunabwera anthu aja oyenda ndi sikelo m'midzi, ogula zitsulo zakutha. Ataiona anaisirira, nanena mtengo. Madzulo ake amalume anga, amene amandilipirira zofunika zonse kuno kusukulu, anakhala pansi ndi agogo nati, "Ababa, chitsulochi chikungodyedwa ndi dzimbiri. Tiyeni tigulitse, mwanayu apezeko sopo ndi makope."

Agogo anayankha kuti, "Iwowa akachiyeza pasikelo adzalipira ngati makasu akutha. Ine ndinachigwirira ntchito zaka zitatu."

Ine ndinali chete, pakuti ndinaona kuti onse awiri akunena zoona, ndiponso ndalama zimene ankakanganirazo zinali za ine ndemwe. Ndipo ndinapempha kuti andilole ndiikonze kunja kwake kokha tchuthi chisanathe, kuti akadzafuna kugulitsa adzagulitse njinga, osati zitsulo. Amalume anaseka nati, "Kupenta chinthu chosayenda kuli ngati kudzoza mafuta mtembo." Koma agogo anavomera, nagulitsa mbuzi imodzi kuti tipeze zogulira penti. Pamenepo ndinadziwa kuti ndikalephera, banja lataya mbuzi ndi ndalama za pasikelo zomwe.

Ntchito yoyamba inali yomasula. Masiku awiri ndinkangodonthezera parafini pa mabawuti onse kuti afewe. Taonani chodabwitsa: masipanala amene ndinabwereka kwa wokonza njinga za kabaza sanalowe bwino ndi limodzi lomwe. Iwo ndi a mamilimita, koma Angerezi a nthawi imeneyo anali ndi muyeso wawo wa mainchi. Agogo analowa m'nyumba natulutsa masipanala awiri akuda okulungidwa m'kansalu, ndipo amenewo anagwira ngati anabadwira pomwepo. Ndinachotsa thanki, madigadi onse awiri, chishalo, nyali, chophimbira tcheni ndi kabokosi ka zipangizo. Chilichonse ndisanachichotse ndinkachijambula m'kope, ndipo manati ake ndinkawaika m'kachitini kakekake. Thanki ndinaitsuka kangapo ndi madzi otentha ndi sopo ndi kuisiya yotsekula padzuwa, chifukwa mpweya wa petulo umakhalitsa ndipo ukakumana ndi moto umaphulika.

Popala penti wakale ndinapeza kuti sanali mmodzi. Pamwamba panali wakuda, wopakidwa ndi burashi. Pansi pake panali wabuluu, amene agogo anati anali wotsala popenta zitseko za golosale ya mnzawo. Pansi penipeni, pokhudzana ndi chitsulo, panali wobiriwira. Paliponse pamene wakudayo anapakidwa pamwamba pa dzimbiri, anali atatukuka ngati matuza, ndipo m'kati mwake chitsulo chinali chitadyeka koposa pamene panalibe penti.

Apa ndinakumbukira zimene aphunzitsi athu a sayansi anationetsa m'Folomu 2. Anaika misomali m'timabotolo titatu. M'koyamba munali madzi ndi mpweya, m'kachiwiri madzi owiritsa otsekedwa ndi mafuta pamwamba, m'kachitatu mpweya wouma. Misomali ya m'kabotolo koyamba yokha ndiyo inachita dzimbiri. Tsiku lija ndinangoloweza kuti ndikhoze mayeso, koma tsopano ndinamvetsa tanthauzo lake. Ntchito yaikulu ya penti ndiyo kutsekereza madzi ndi mpweya kuti zisafike pachitsulo. Kukongola kumadza pambuyo.

Tizitsulo ting'onoting'ono ndinativiika m'viniga usiku wonse, m'mawa nkutitsuka ndi madzi a soda kuti asidi asapitirize kudya, nkutiumitsa msanga. Zikuluzikulu ndinazikwecha ndi burashi ya waya ndi sandipepa. Inu amene simunagwirepo sandipepa dziwani kuti nambala yake ikachepa ndiye kuti ndi wokhakhala. Ndinayamba ndi 80, ndinabwera pa 220, ndipo pomaliza 400 wonyowetsa ndi madzi. Zala zinasupuka, ndipo anzanga popita kumpira ankandiitana kuti "amakanika a nkhuku". Ntchito imeneyi inanditengera masiku 16.

Kumudzi kulibe makina opopera penti. Tsono ndinamanga zitsulozo m'matumba awiri, ndinakwera minibasi, ndinawoloka Shire pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, ndi kukafikira kwa mayi anga aang'ono ku Balaka. Iwo ananditengera kwa mmisiri wina wachikulire wowongola ndi kupenta magalimoto, amene amapemphera naye mpingo umodzi. Bamboyo sanayang'ane zitsulozo nthawi yaitali. Anatsinzina, nayendetsa chikhatho pa madigadi, nati, "Mwana wanga, pa ntchito ino maso amanama, dzanja ndilo limanena zoona. Penti sabisa kanthu. Amene amapaka pamwamba pa dzimbiri akupanga chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Anandionetsa timaenje timene dzimbiri linasiya, nandiphunzitsa kutitseka ndi fila wopyapyala ndi kusalazanso. Atatha anapopera penti woyamba wogwira chitsulo, uja amati red oxide, ndipo atauma ndinamukwechanso pang'ono ndi sandipepa wa 600.

Kumanja kwa thanki kunali kophwanyika ngati chibakera cha mwana. Mmisiri anafuna kuwongola, koma ndinayamba ndaimbira foni agogo. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Pamenepo pokha musakhudzepo. Ndi mboni yanga imeneyo. Amalume akowo ali ndi zaka 14 anaiba njingayi ine nditapita kumaliro, nakagunda mtengo wa mango, ndipo mpaka lero amati inagwa yokha." Choncho tinangopala dzimbiri m'kati mwa chibowocho ndi kuchisiya monga chinaliri.

Panatsala nkhani ya mtundu. Anyamata a pagalaja ankati tipake wofiira wowala, kuti ifanane ndi za masiku ano. Nzoona kuti Bantam zofiira zinaliko, pakuti anyamata a positi ku Britain ankakwera zotero pogawa matelegalamu. Koma yathu sinali ya positi. M'kati mwa chivundikiro cha kabokosi ka zipangizo, m'mene dzuwa ndi mvula sizinafike, penti wa ku Birmingham anali akadali wamoyo, wobiriwira motuwira ngati tsamba la bulugama. Mmisiri anasakaniza wobiriwira, woyera ndi kadontho ka wakuda, napaka pa kachitsulo, nadikira kuti aume, nayerekeza ndi chivundikirocho panja poyera. Anatero kanayi, chifukwa penti akauma amasintha pang'ono. M'mbali mwa thanki munafunika woyera moderako ngati mnyanga wa njovu.

Mwezi wa Ogasiti ku Balaka ndi wa mphepo ndi fumbi, ndipo fumbi ndilo mdani wa penti wamuwisi. Tinkayamba mbandakucha mphepo isanadzuke, titawaza madzi pansi ponse, titamanga nsalu kumphuno, zitsulo zitapachikidwa pa waya. Mmisiri ankapopera mopyapyala, nadikira, napoperanso, mpaka katatu. Anati wofulumira amathira wambiri nthawi imodzi ndipo penti amalira misozi. Chophimbira tcheni anandipatsa kuti ndipope ndekha, iye atandigwira pachigongono. Kupopera konse kunatha m'mamawa awiri okha. Ndinazizwa kuona kuti chimene anthu amatcha kupenta ndicho chachifupi koposa pa ntchito yonse.

Zotsala anathandiza amisiri ena. Wolemba zikwangwani za masitolo anajambula katambala ndi zilembo pa thanki, potsata chithunzi chimene tinapeza pa intaneti. Wosoka nsapato wa pamsika anakuta chishalo ndi chikopa chakuda. Mahandulo ndi paipi ya utsi ndinazipukuta ndekha mpaka zinayamba kuonetsa nkhope, ngakhale mawanga ena anakana. Nditabwerera kumudzi ndinapaka felemu ndi burashi yofewa, ndipo kope lija linanditsogolera pobwezera chilichonse pamalo pake.

Titaitulutsa pabwalo anthu anasonkhana. Agogo, amene maso awo ayamba kuchita khungu, anaiyendera ndi manja kuyambira kunyali mpaka kumbuyo. Atafika pa chibowo chija anaitana amalume nati, "Tabwera udzawauze anthuwa m'mene inagwera yokha." Amalume anagwira pakamwa, ndipo anthu onse anafa nacho chiseko. Agogo aakazi anati ndi mtundu womwewo umene anauona tsiku limene agogo anabwera kudzawafunsira.

Musaganize kuti nkhani yonse inathera pomwepo. Njingayo siyenda mpaka lero. Injini yake ifuna zitsulo zimene sitinazipeze ku Balaka kapena ku Liwonde, ndipo amalume akunenabe kuti mbuzi ikadabereka koma mthuthuthu subereka. Sindingawatsutse, pakuti amene amasenza katundu ndiye amadziwa kulemera kwake. Komabe za sikelo sanazitchulenso, ndipo ndi iwo amene anagula malata awiri ofolerera chisakasa. Kunena za sopo ndi makope, mmisiri uja anandiitana kuti ndikamuthandize kukwecha magalimoto masabata awiri otsiriza a tchuthi, ndipo zimene ndabwera nazo teremu ino ndagula ndi thukuta langa.

Yankho langa pa mawu aja a mtembo ndi ili. Chinthu chimene chaima sichinafe ayi, chimafa pamene dzimbiri lachibowola. Injini ingathe kudikira zaka zisanu kufikira nditapeza ndalama ndi nzeru zoikonzera, koma thanki ikabowoka ndi madigadi akagumuka, sipadzakhalanso choikapo injiniyo. Penti wagulira njingayi nthawi, ndipo wagulira agogo mtendere m'masiku awo a ukalamba.

Anzanga, m'makomo mwathu muli zinthu zambiri zotere: makina osokera a Singer, njinga zakapalasa za Humber ndi Raleigh, mapulawo ndi masimbi a makala. Anthu a sikelo akuyenda mudzi ndi mudzi, ndipo chimene chakwera pa sikelo sichibweranso. Mukapita kutchuthi kafunseni eni ake mbiri ya zinthuzo akadali moyo, ndipo mukazichotse pamvula. Pomaliza ndipemphe kuti ngati alipo wina, wophunzira kapena mphunzitsi, amene ali ndi mbale wodziwa injini za BSA, chonde andipeze ku hositelo ya anyamata tikaweruka.

Wophunzira wa Folomu 3