Mwala wa Pansi pa Gudumu: Ulendo wa ku Bangwe

Munthu wochoka ku Limbe kulowera kum'mawa pa msewu wa Midima, umene upita ku Mulanje, sayenda nthawi yaitali asanafike ku Bangwe. Mudzi umenewu ngwaukulu ndithu, ndipo uli m'tsinde mwa phiri la dzina lomwelo. Chiyambire chaka cha 1956, pamene Blantyre ndi Limbe adasanduka mzinda umodzi, anthu akhala alikuchuluka, ndipo nyumba zakwera zitunda pang'onopang'ono. Wokwera pamwamba tsiku lopanda mitambo aona Chiradzulu, ndi Mulanje patali.

Koma misewu yopatuka pa msewu waukulu njotsetsereka, ya dothi ndi miyala, yokumbika ndi madzi a dzinja; ndipo chiperoni chikagwa mwezi wa June kapena July, iterera ngati therere. Magalimoto amene alimba mtima kukwera kumeneko ndiwo aja okoka ndi magudumu onse anayi, monga Land Rover ndi Land Cruiser, odzatenga wodwala, kapena kutula chimanga ndi simenti. Tsono, abale, galimoto yotere iopsa koposa pamene yaima, pakuti pamenepo anthu aichotsera mantha, ndipo ana athamangira kukakhala mumthunzi mwake.

Woyendetsa wanzeru ayamba wasankha malo. Aimika galimoto molunjika, mphuno kumtunda kapena kumunsi, osati chopingasa. Chifukwa galimoto imeneyi njaitali msinkhu, ndipo ikasenza katundu padenga igudubuzika msanga cham'mbali. Akatero akoka handibuleki mwamphamvu phazi likali pa buleki, nazimitsa injini, nasiya galimoto m'giya: ikapenya kumtunda, giya yoyamba, ikapenya kumunsi, giya yobwerera m'mbuyo. Pomaliza apotoza chiwongolero kuti galimoto ikati isunthe, ikagunde chipupa cha msewu, isalowe m'nyumba za anthu.

Pali zinthu ziwiri zimene zinyenga ngakhale madalaivala akale. Choyamba nchakuti magalimoto ambiri otere ali ndi ndodo yachiwiri ya giya, yosankhira mphamvu ya pamapiri. Ndodo imeneyi ikakhala pakati, injini ndi magudumu zalekana, ndipo galimoto itsetsereka ngakhale ndodo yaikulu ili m'giya. Koma ikakhala pa giya yamphamvu, injini igwira magudumu kolimba koposa. Chachiwiri nchakuti pa Land Rover zakale, zimene zidayamba kupangidwa ku England mu 1948, handibuleki sigwira magudumu eni ake, koma chitsulo chozungulira cha pansi chimene chipereka mphamvu kumagudumu. Chotero gudumu limodzi likaterereka m'matope, kapena likanyamulidwa ndi jeke, galimoto ikhoza kuyenda handibuleki ili chikokere.

Nchifukwa chake mwala uli wofunika. Ukhale waukulu, wamphwamphwa pansi, osati wobulungira kapena njerwa imene iphwanyika. Uikidwe kumunsi kwa gudumu, wokhudzana nalo, ndipo potsetsereka kwambiri miyala ikhale iwiri. Woika mwala aime pambali pa galimoto, asagwade kumbuyo kwake, ndipo zala zake zisalowe pansi pa tayala.

Mwina wina anena kuti, Ine ndilibe galimoto, zimenezi zindikhudza bwanji? Zikukhudzani ndithu, pakuti galimoto ikathawa sifunsa mwini khomo. Ambulansi kapena galimoto ya maliro ikaima pakwanu, inu amayi chotsani ana ndi mbaula kumunsi kwake. Inu abambo thandizani kufuna mwala, ndipo musachite manyazi kukumbutsa dalaivala mwaulemu, ngakhale ali wamkulu. Mwana asatsale yekha m'galimoto, pakuti dzanja laling'ono likhoza kumasula handibuleki. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chatsala chimodzi, chimene ambiri aiwala. Galimoto ikanyamuka, mwala uja uchotsedwe mumsewu ndi kuikidwa pambali. Ukatsala pakati, usiku udzagwetsa mnyamata wa kabaza, kapena mayi wotsika ndi dengu la tomato kunka kumsika mbandakucha. Woyenda m'misewu ya ku Bangwe akaona miyala yoikidwa bwino m'mbali, adziwe kuti pamenepo padaima dalaivala wosamala anzake.