Kodi Bwalo la Mpira ndi la Yani?

Pa zinthu zonse zimene anthu a kuno ku Songani amakonda, ndiganiza kuti palibe choposa mpira wa miyendo. Munthu akafika pamsika Loweruka madzulo adzapeza tinyumba ta kanema titadzaza mpaka pakhomo, ndipo mfuu ikamveka safunsa kuti kwagwanji, pakuti adziwa kuti Arsenal kapena Manchester United yachinya. Anyamata a kabaza amatsutsana za Bullets ndi Wanderers mpaka kuiwala kuitanira okwera. Ngakhale tiana tosadziwa kuwerenga timadziwa kumanga mpira wachikulunga.

Ine sindidana nazo zimenezi, pakuti nanenso mpira ndimaukonda. Mu January 2022, pamene Gabadinho Mhango anachinya Morocco ali kutalitali ndi golo, ndinafuula pamodzi ndi mudzi wonse, ndipo a Flames atagonja 2–1 ndinagona ndi chisoni monga wina aliyense. Koma pali chinthu chimene chimandivuta mumtima, ndipo ndifuna kuti owerenga achiganizire bwino. Mpira timaukonda tonse, koma bwalo, nthawi ndi mpira weniweniwo zili m'manja mwa anyamata okha.

Taonani pasukulu pathu pano. Belu lamadzulo likalira, anyamata amathamangira ku bwalo lalikulu osapempha munthu. Tsiku la masewero asungwana ndife otunga madzi a osewera, oyimba nyimbo ndi ovina m'mbali mwa bwalo. Timu ikapambana amatchula maina a ochinya, ndipo ife timabwerera kuhositelo mawu atasasa. Msungwana akati akhudzeko mpira pang'ono, amamuseka nati, "Pita ku ntchemberembaye."

Ine ndinaphunzira mpira kwa alongo anga, padambo lina pafupi ndi mtsinje wa Domasi, ndipo pamene ndinali wamng'ono palibe amene ankandiletsa. Anyamata ankandilimbirana chifukwa ndimamenya ndi mwendo wamanzere. Koma nditatha msinkhu azakhali anga anandiitanira kuseri kwa nyumba nati, "Mwanawe, tsopano wakula. Za mpira zithe. Mkazi womenya mpira amauma thupi, savala mwaulemu, ndipo sadzapeza banja." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Ndamva, azakhali," pakuti ndidziwa kuti ananena izi mondikonda. Komabe mawu aja ndakhala ndikuwasinkhasinkha zaka zinayi, ndipo sindinapezemo choona.

Ngati thupi la mkazi ndi lofooka, nanga ndani amasenza chidebe cha malita 20 kuchokera kumjigo m'mawa uliwonse? Ndani amatsika phiri la Malosa ndi mtolo wa nkhuni pamutu? Miyendo imene ikhoza zimenezo siingathyoke ndi mpira. Kunena za mavalidwe, anzanga ambiri kuno ndi Asilamu, ndipo makolo ao amadera nkhawa za kabudula. Koma bungwe la FIFA linaloleza kusewera ndi mpango kumutu mu 2014, ndipo mu 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco anasewera pa mpikisano wa dziko lonse atafunda kumutu, miyendo ndi mikono zili zophimbidwa.

Tisaganize kuti maganizo otere ndi a kwathu kuno kokha. Ku Mangalande, mu December 1920, anthu okwana 53,000 anasonkhana pa bwalo la Goodison Park ku Liverpool kudzaonera mpira wa akazi. Chaka chotsatira, mu 1921, akuluakulu a mpira m'dzikomo analetsa akazi kusewera pa mabwalo a matimu ao, nati masewerowa sayenera akazi, ndipo chiletsocho chinakhala zaka pafupifupi 50. Chotero amene anati akazi sangathe mpira ndi omwewo amene anaona akazi akudzaza bwalo.

Koma tisapite kutali, pakuti umboni tili nao pakhomo. Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi ana a ku Rumphi, ndipo anayamba monga ine, kusewera ndi anyamata opanda nsapato. Tabitha anasewera ku Sweden ndi ku China, ndipo mu 2023, ali ku Inter Milan, anachinya zigoli 23 naposa akazi onse mu ligi ya ku Italy. Mng'ono wake Temwa anapita ku timu ya Kansas City Current ku America mu 2024, nachinya zigoli 20 m'chaka chake choyamba, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2024 ndi mu 2025.

Nkhani ya mzinda wa Kansas City imandipatsa maganizo. Anthu a kumeneko ali ndi mpira wao wina, wooneka ngati dzira, umene amuna ovala zisoti zolimba amathamanga nao m'manja nagundana ngati atonde. Amaukonda monga ife tikondera Bullets ndi Wanderers, ndipo timu yao ya Chiefs inatenga chikho cha Super Bowl mu 2023 ndi mu 2024. Pa masewero amenewo asungwana amaoneka kwambiri m'mbali mwa bwalo, akuvina ndi kuchemerera, monga momwe tichitira ife. Koma mumzinda womwewo, mu March 2024, anatsegula bwalo la anthu 11,500 lomangidwira timu ya akazi, ndipo Patrick Mahomes, katswiri wa Chiefs, ndi mmodzi wa eni ake a timu ya akaziyo. Pa bwalo limenelo anthu amalipira ndalama kuti aone mwana wa ku Rumphi. Mpira wa amuna sunachepe chifukwa akazi apatsidwa malo.

Timu yathu ya akazi, ya Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu October 2023 itagonjetsa Zambia 2–1, ndipo mu 2025 inachotsa Angola nipeza kwa nthawi yoyamba malo pa mpikisano wa akazi wa Africa yense. Anyamata omwe amatiseka pano anasangalala nafe masiku amenewo. Tsono ndiwafunse: kodi osewera a Scorchers a mawa adzagwa kumwamba? Akulu anati m'mera mpoyamba. Msungwana amene aletsedwa mpira ali ndi zaka 13 sangadzaphunzire ali ndi zaka 25.

Sindinyoza ntchemberembaye. A Queens atchukitsa dziko lathu zaka zambiri, ndipo Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Chimene ndikana ndi chakuti wina atisankhire masewero tisanayese n'komwe.

Pempho langa ndi laling'ono. M'hositelo mwathu tilipo asungwana 16 amene talembetsa maina. Tipempha aphunzitsi a zamasewero ndi kapitawo wa timu ya anyamata kuti atipatse bwalo lalikulu madzulo amodzi pa mlungu, mpira umodzi ngakhale wakale, ndi mphunzitsi wotiyang'anira. Tsiku limenelo anyamata akhoza kupumula, kapena kudzatiphunzitsa, kapenanso kutitungira madzi, pakuti mjigo adziwa pamene uli. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere m'manja. Ngati tidzalephera, tidzalepherera pabwalo onse akuona, ndipo sitidzadandaulanso. Koma teremu ino isathe tisanayesedwe, pakuti enafe chaka chamawa tili ndi mayeso a Fomu 4, ndipo nthawi ya bwalo idzakhala itatipita.

Msungwana wa Fomu 3