Galimoto Yopanda Dalaivala ndi Mantha a Anthu

Usiku wa pa 18 Malichi 2018, mumzinda wa Tempe ku America, galimoto ya kampani ya Uber yoyendetsedwa ndi kompyuta idagunda ndi kupha mayi wina amene ankawoloka msewu akukankha njinga. Mbiri ya imfayi idawanda ponseponse, chikhalirecho ngozi za pamsewu zimapha anthu oposa miliyoni imodzi chaka ndi chaka popanda dziko kutekeseka chotere. Kodi imfa imodziyi idaposa bwanji zinzake?

Dalaivala akapha munthu, ofedwa amadziwa womuloza chala. Iye amapepesa, amaimbidwa mlandu, mwinanso amapita kundende. Koma makina sachita manyazi, ndipo safika pamaliro. Mantha ambiri agona pamenepa.

Komabe mitundu ya anthu siiopa mofanana. M'chaka chomwecho akatswiri a pasukulu ya ukachenjede ya MIT adafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa Moral Machine. Anthu a m'maiko ndi zigawo 233 adafunsidwa kuti galimoto ikaduka mabuleki ipulumutse yani. Ambiri a ku France adasankha ana. A ku Japan, China ndi Taiwan, kumene imvi zimalemekezedwa kwambiri, sadafulumire kutaya nkhalamba chifukwa cha mwana. Boma la Germany lidali litakana kale funso lotere, pakuti komiti yake ya 2017 idalangiza kuti makina asamasankhe womwalira poyang'ana zaka zake, kaya kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Dziko limene lidaona ulamuliro wa Hitler ukusanja miyoyo ya anthu silingadabwitse poyankha motero.

Kusowa nakonso kumasintha mantha. M'tauni ya Eiheiji ku Japan, dziko limene okalamba achuluka ndipo madalaivala akuchepa, timagalimoto todziyendera tidayamba kunyamula anthu mu Meyi 2023. Kamodzi kataguda njinga yoimikidwa m'mbali mwa njira, ntchito yonse idayamba yaimitsidwa, ngakhale panalibe wovulala. Ku San Francisco, khamu la anthu lidatentha galimoto ya Waymo mu Febuluwale 2024. Ku Wuhan, m'dziko la China, madandaulo amene adamveka kwambiri chaka chomwecho sadali a imfa ayi. Adali a oyendetsa matakisi, amene ankaona magalimoto a Baidu akuwalanda chakudya pakamwa.